Maswiti a hazelnut ngati a Ferrero Rocher akukanika kunyumba? Yambirani pa chomwe mukuona

Disembala akamayandikira, kapena nyengo ya zinkhoswe ikafika, mafunso amakhala omwewo chaka ndi chaka. Wina watumiza chithunzi cha timipira totuwa mbuu. Wina akuti chokoleti chasanduka nsima m'mbale. Wina akudandaula kuti dzulo timaswiti tinali kukukutika bwinobwino, lero tafewa ngati bisiketi yogwera mu tiyi. Nane ndinadutsa momwemo. Thireyi yanga yoyamba ndinaikonzera chinkhoswe cha mng'ono wanga mu Okutobala, ndipo pofika pamalo a mwambo timipira tonse tinali titakumbatirana, pepala lagolide lili nyankhanyankha. Anthu anadya ndi supuni.

Musanafufuze vuto lanu m'munsimu, dziwani kaye chomwe mukutsanzira. Ferrero Rocher inatulutsidwa mu 1982 ndi kampani ya Ferrero ya mu tawuni ya Alba, m'chigawo cha Piedmont ku Italy. Kaswiti kamodzi kamalemera pafupifupi magalamu 12.5 ndipo kali ndi zigawo zinayi: mtedza wa hazelnut wathunthu pakati, phala la hazelnut ndi koko mouzungulira, chigoba chopyapyala cha wefa (bisiketi yopepuka yophwanyika msanga), ndi chikuto cha chokoleti cha mkaka chosakaniza ndi mtedza wodulidula. Werengani kumbuyo kwa bokosi lake. Mupeza chokoleti cha mkaka 30 peresenti, hazelnut 28.5 peresenti, kenako shuga, mafuta a kanjedza, ufa wa tirigu, zaufa zochokera ku mkaka ndi koko. Kirimu mulibe. Mkaka wamadzi mulibe. Ngakhale mafuta a mkaka omwe ali m'chokoleticho ndi ochotsedwa madzi.

Pagona nkhani ndi pamenepo. M'kaswiti kameneka zonse ndi zouma kapena zamafuta, ndipo mavuto ambiri a kunyumba amayamba pomwe madzi alowerera, kaya ndi dontho la pasupuni, kirimu wa mu resipi, kapena thukuta la m'firiji. Otsalawo amabwera ndi kutentha. Eni akewo amakuopa kutentha moti ku Italy ndi ku Germany amasiya kutumiza maswitiwa m'masitolo m'miyezi yotentha.

Miyezo yomwe ndikutchula mu nkhaniyi ndi ya timipira pafupifupi 30: hazelnut wokazinga wopera magalamu 150, chokoleti cha mkaka magalamu 120, shuga wa icing magalamu 30, wefa yonyenyanyenya magalamu 60, kamchere, ndi mtedza wathunthu woika pakati. Pa chikuto, chokoleti magalamu 250 ndi mtedza wodulidula magalamu 80.

## Chokoleti chauma, chachita mibulu pochisungunula

Chinali kusungunuka bwino, mwadzidzidzi chalimba n'kukhala ngati nsima ya mgaiwa yozizira, chosawala, chokakamira kusupuni.

1. Mwalowa madzi. Pa milandu khumi, isanu ndi inayi imathera apa. M'chokoleti muli timbewu ta shuga ndi koko touma, tomwazikana m'mafuta. Dontho la madzi likagwera, shugayo amanyowa n'kuyamba kumamatirana, monga umachitira ufa mukauwaza madzi pang'ono.
- Onani pansi pa mbale: kodi nthunzi ya m'poto ikutulukira m'mbali n'kubwerera m'chokoleti? Mbale ikhale yokulirapo kuposa kamwa la poto, ndipo isakhudze madzi.
- Musavindikire. Chivindikiro chimatola nthunzi n'kuidonthetsera pansi.
- Mthiko wa nsima usayandikire. Mtengo umasunga chinyontho ndi fungo la ndiwo. Gwiritsani supuni yachitsulo kapena ya silicone, yopukutidwa gwa.
- Vanila wamadzi ndi utoto wa keke wamadzi zimachita zomwezo.

Chokoleti chotere sichibwereranso kukhala cha chikuto, musadzivute. Koma musachitaye. Thirani mkaka kapena kirimu wotentha, supuni imodzi imodzi, mukutakasa mpaka chisalale. Mupeza sosi yabwino ya pa keke kapena ayisikirimu. Inde, madzi ochepa amawononga koma ochuluka amakonza, chifukwa shuga yense amasungunuka.

2. Chapserera. Nunkhizani. Ngati pali fungo la zopserera ndipo mibulu yake ikuwawa, mwadutsa malire. Chokoleti cha mkaka chisapitirire madigiri 45, chakuda chisapitirire 50. Pambaula ya makala izi zimachitika msanga. Wiritsani madzi, phulani poto, dikirani mphindi ziwiri, ndiye ikani mbale pamwamba. Mu microwave, masekondi 15 mpaka 20 okha, kutulutsa, kutakasa, kubwezeranso. Chopserera palibe mankhwala ake.

3. Ndi chakale kapena chinasungidwa ponyowa. Chokoleti cha mkaka chimayamwa chinyontho cha mumpweya. Ngati paketi inatsegulidwa kalekale m'nyengo ya mvula, chimasungunuka ngati phala lolimba ngakhale musalakwitse kalikonse. Yesani kachidutswa kaye musanathire chonse m'mbale.

Palinso chokoleti chomwe sichinachite mibulu koma ndi cholimba moti kampira kakalowamo kamatuluka katavala bulangete. Kawirikawiri amakhala ma chocolate chips a mabisiketi, omwe anapangidwa dala kuti asasungunuke msanga. Onjezani mafuta a koko, omwe pamapaketi amalemba kuti cocoa butter, magalamu 10 pa magalamu 200 aliwonse a chokoleti. Akasowa, tiyisupuni imodzi ya mafuta ophikira opanda fungo ithandiza, koma chikuto chidzakhala chofewerapo. Batala ndi majarini ayi, muli madzi.

## Timipira tatuwa mbuu, kapena chikuto chikukana kuuma

Pano ndichedwapo, chifukwa ndi pomwe anthu ambiri amagwa mphwayi.

Yambani ndi kuyesa uku: pakani chala pamalo potuwapo. Ngati kutuwako kukusungunuka n'kutha, chala chikuterera, ndi mafuta omwe akwera pamwamba. Ngati pakumveka kukhakhala ngati kamchenga ndipo sikukuchoka, ndi shuga. Zonse ziwiri sizidwalitsa, koma magwero ake ndi osiyana.

Ngati ndi mafuta

1. Simunachite tempering, kutanthauza kusungunula ndi kuziziritsa chokoleti pa madigiri oyenera kuti chiume bwino. Mafuta a koko ali ndi khalidwe lachilendo: amatha kuuma m'njira zisanu ndi imodzi zosiyana. Mwa zonsezo, yachisanu ndiyo imapereka chokoleti chowala, chothyoka kuti thyo, chosungunuka pa madigiri pafupifupi 34, kutanthauza kuti m'kamwa osati m'manja. Chokoleti cha m'sitolo chimabwera chitauma m'njira imeneyi. Mukachisungunula chonse n'kuchisiya chizizire chokha, chimauma mwachisawawa. Chimachedwa kulimba, chimamata zala, ndipo pakapita tsiku limodzi kapena awiri chimachita mizeremizere yotuwa.

Njira yosavuta kunyumba nayi:
- Dulani chokoleti tizidutswa ting'onoting'ono. Patulani gawo limodzi mwa magawo atatu.
- Sungunulani magawo awiriwo mpaka madigiri 45.
- Chotsani pamoto, pukutani pansi pa mbale, thirani chomwe munapatula chija pang'onopang'ono mukutakasa osalekeza.
- Cha mkaka chitsike mpaka madigiri 29 kapena 30. Chakuda, 31 kapena 32.
- Tizidutswa tomwe takana kusungunuka tivuuleni.
- Viikani nsonga ya mpeni, ikani pambali. Ngati chauma mkati mwa mphindi zisanu, chowala, chosamata, yambani ntchito. Ngati ayi, onjezani tizidutswa tina, takasaninso.

Tizidutswa tosasungunula tija timakhala ngati mbewu: mafuta osungunuka amatengera kaumidwe kake. Ndiye chifukwa chake chokoleti chopatulacho chiyenera kukhala chabwino, chosatuwa. Chikayamba kulimba muli pakati pa ntchito, chiikeni pa nthunzi masekondi asanu okha. Cha mkaka chikadutsa madigiri 32, mbewu ija yafa, muyambirenso.

Thermometer ya kukhitchini ndi yotchipa poyerekeza ndi chokoleti chomwe mungawononge popanda iyo. Akale ankayesa pakhungu la pansi pa mlomo, pomwe chokoleti chokonzeka chimamveka chozizirirapo pang'ono. Ine njira imeneyo inandinamiza kangapo.

2. M'nyumba mukutentha. Chokoleti chimauma bwino pa madigiri 18 mpaka 20. Chipinda chikapitirira 25, ngakhale mutachita zonse molondola, chimachedwa ndipo chimatuwa. Mu Okutobala ndi Novembala gwirani ntchitoyi mbandakucha, uvuni ndi mbaula zili zozima. Mukamaliza kukuta, ikani thireyi m'firiji mphindi 10 zokha kuti chigwire, kenako tulutsani. Anzathu a ku Nsanje, Chikwawa ndi m'mbali mwa nyanja, kunena zoona, m'miyezi imeneyi chokoleti chenicheni chidzakuvutitsani. Werengani ndime yotsatirayi.

3. Mwasakaniza mitundu iwiri. Chambiri chomwe chimagulitsidwa ngati chokoleti chophikira si chokoleti chenicheni. Werengani paketi. Ngati m'malo mwa cocoa butter alemba vegetable fat kapena palm kernel oil, ndi chija amati compound. Chimenechi sichifuna tempering, mumangosungunula n'kuviika, ndipo chimapirira kutentha. Kuipa kwake, chimasiya kaphula kumkamwa. Pa ukwati wa m'chilimwe ine ndimasankha chomwechi mosachita manyazi. Chomwe simuyenera kuchita ndi kuphatikiza compound ndi chenicheni kuti mupulumutse ndalama. Mafuta awiriwa sagwirizana, ndipo zotsatira zake ndi chikuto chofewa chomwe chimatuwa msanga.

4. Mafuta a mtedza aboola chikuto. Izi zimaoneka pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Hazelnut ndi mafuta pafupifupi 60 peresenti, ndipo mafutawo ndi amadzimadzi. Amayenda pang'onopang'ono kuchokera m'kati kulowa m'chikuto, n'kuchifewetsa ndi kuchituwitsa. Kutani kawiri: koyamba chikuto chopyapyala cha chokoleti chokha, chiume, kachiwiri chokhala ndi mtedza. Ndiponso musapange ambiri oti akhale mwezi.

Ngati ndi shuga

Ndi firiji, pafupifupi nthawi zonse. Kampira kozizira kakakumana ndi mpweya wofunda kamachita thukuta ngati botolo la zoziziritsa kukhosi. Thukutalo limasungunula shuga wa pamwamba, likauma shugayo amatsala ngati fumbi. Magetsi akamazimazima zimanyanya, chifukwa firiji imafunda n'kuziziranso kangapo patsiku.
- Sungani m'kontena yotseka bwino, muli pepala la kukhitchini pansi.
- Potulutsa, musatsegule. Isiyeni patebulo ola limodzi kapena awiri, thukuta lichitikire kunja kwa kontena.
- Juni ndi Julayi ndi miyezi yabwino ku ntchitoyi, koma tsiku la chiperoni lisiyeni lipite. Kuzizira kulipo, chinyontho n'chochuluka.

## Wefa yafewa, palibe chokukuta

Kaswiti kameneka kukoma kwake kuli pa kuphwanyika kwa chigoba mano akangofika. Pakasowa zimenezo mwangopanga chokoleti wamba.

1. Mu phala lam'kati muli madzi. Maresipi ambiri a pa intaneti amati thirani kirimu kapena batala. Kirimu ndi madzi oposa theka, batala ali ndi madzi pafupifupi 16 peresenti. Wefa imayamwa madziwo usiku umodzi wokha. Phala lam'kati likhale la mtedza wopera, chokoleti, shuga wouma ndi koko basi. Mukafuna kakomedwe ka mkaka, thirani supuni ya mkaka waufa. Uchi ndi kondensi nazonso zisalowe.

2. Munasakaniza wefa phala likadali lotentha. Dikirani lizizire mpaka chala chisamve kufunda, koma lisanalimbe.

3. Wefayo inali yofewa kale. Thyolani imodzi pafupi ndi khutu. Ikapindika m'malo mothyoka, ngati ndi yopanda zopaka pakati iikeni mu uvuni wa madigiri 150 kwa mphindi zisanu, izizire. Ya zopaka pakati singabwezeredwe mu uvuni, gulani ina.

4. Mwainyenya kwambiri. Blender imaisandutsa ufa. Ikani m'pepala la pulasitiki, phwanyani ndi manja mpaka tizidutswa tikhale ngati mpunga.

Kanzeru kena komwe kanandithandiza: musanathire wefa mu phala, isakanizeni ndi supuni ziwiri za chokoleti chosungunula, yanikani pa pepala iume. Kachidutswa kalikonse kamavala malaya a mafuta ndipo kamakhala kokukutika masiku ambiri. Makoni a ayisikirimu ophwanya amapirira kuposa wefa wamba. Kumene kumapezeka zigoba za wefa zozungulira, zogulitsidwa theka theka, zimapereka kaswiti kofanana kwambiri ndi ka m'bokosi. Pakani m'kati mwake chokoleti chopyapyala musanathire phala.

## Zam'kati sizikuumbika

Zikumata m'manja, sizikugwira
1. Mwagwiritsa ntchito chopaka pa buledi cha m'botolo chokha. Nutella, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 1964, inapangidwa kuti izipakika. Hazelnut ndi 13 peresenti yokha, zambiri ndi shuga ndi mafuta. Payokha singaumbike kampira. Pa magalamu 100 aliwonse onjezani chokoleti chosungunula magalamu 50 ndi mtedza wopera.
2. Sizinazizire mokwanira. Mphindi 30 mpaka 45 m'firiji, mbale ili yophimba.
3. Manja anu ndi ofunda. Tapani ndi tiyisupuni ziwiri, muumbe timipira tisanu, mubwezere mbale m'firiji. Mukasamba m'manja ndi madzi ozizira, pukutani mpaka kuuma.

Zalimba gwa ngati mwala: chokoleti chachuluka, makamaka ngati ndi chakuda. Fundutsani pang'ono pa nthunzi, onjezani mtedza wopera.

Mafuta akuyandama pamwamba: phala latentha kwambiri popera. Lisiyeni lizizire, mukulitakasa pafupipafupi mpaka liyambe kulimba. Mafuta amabwerera.

Zikumveka mchenga m'kamwa
1. Mwathira shuga wamba. Shuga sasungunuka m'mafuta, ngakhale mutatakasa mpaka mawa. Gwiritsani wa icing, wosefa.
2. Mtedza sunapereke mokwanira. Umadutsa masitepe atatu: nsinjiro, chibulumwa chouma, kenako chiponde chothothoka pasupuni. Ambiri amaima pa chachiwiri poganiza kuti makina akanika. Perani mtedza ukadali wofunda, mphindi imodzi, kupumitsa, kukokota m'mbali, kuperanso. Zitha kutenga mphindi 10. Mtondo ndi munsi zimagwira, bola zikhale zopanda fungo la tsabola, koma konzekani thukuta.

Ndinene mosabisa: kusalala kwa kufakitale simudzakufikira. Makina awo amapera mpaka timbewu tochepera pomwe lilime lingamve. Blender ya kunyumba imalekera patali. Kamchenga kochepa kadzatsala, ndipo wefa imakabisa.

## Akuwawa, kapena akununkha mafuta akale

1. Mtedza ndi wokhalitsa. Hazelnut wambiri wa padziko lonse amachokera ku Turkey, m'mbali mwa nyanja ya Black Sea, kumadera monga Ordu ndi Giresun, ndipo amakololedwa cha mu Ogasiti. Paketi yomwe mwaipeza pashelefu ku Lilongwe kapena ku Lusaka yayenda ulendo wautali ndipo mwina yakhala pofunda miyezi yambiri. Tafunani mtedza utatu musanayatse uvuni. Wabwino umatsekemera pang'ono. Woonongeka umanunkha ngati penti kapena mafuta okazingira kambirimbiri, ndipo umakanda kukhosi. Kukazinga sikuchotsa fungolo, chokoleti sichilibisa. Wodulidula kale ndi wopera kale umaonongeka msanga kuposa wathunthu. Wotsala usungeni mufiriza.

2. Makoko atsalira. Khungu lofiirira la hazelnut limawawa. Mukaukazinga, ukulungeni m'kansalu kouma ukadali wotentha, dikirani mphindi zisanu, fikisani, kenako petani palichero monga timachitira ndi mtedza wathu. Wokanirira makoko upatuleni, muupere ndi wam'kati pang'ono chabe. Woyera bwino ndiwo ukhale wa pakati ndi wa pachikuto. Pali njira ina yowiritsa mtedza mphindi zitatu m'madzi a soda. Imasenda bwinodi, koma mwalowetsa madzi, ndiye muyenera kuumitsa mtedzawo mu uvuni mpaka m'kati.

3. Wapserera. Uvuni wa madigiri 160, mphindi 12 mpaka 15, kugwedeza thireyi pakati. Dulani umodzi: m'kati mukhale mwa golide, osati mwa khofi. Mukatulutsa, khuthulirani m'mbale ina chifukwa thireyi yotentha imapitiriza kuwotcha. Pachiwaya kunja kumapsa m'kati musanapse, choncho moto ukhale wochepa, dzanja lisaime.

4. Koko wachuluka, kapena chokoleti ndi cha 70 peresenti. Kaswiti komwe mukutsanzira ndi ka chokoleti cha mkaka.

## Chikuto chikung'ambika kapena sichikukuta bwino

- Ming'alu, phala likutulukira: timipira tinali tozizira kwambiri poviika. Tochokera mufiriza timaumitsa chokoleti mwadzidzidzi, kenako tikamafunda timafufuma n'kuswa chikuto. Titulutseni m'firiji mphindi 10 mpaka 15 musanaviike.
- Kampira kakusungunukira m'chokoleti: chokoleti chatentha, kapena mukuchedwa. Lowetsani, tembenuzani, tulutsani ndi foloko. Mafuta a mtedza akachuluka m'mbale, chokoleti chonse chimasiya kuuma bwino, choncho viikirani m'kambale kakang'ono, muzionjezera chatsopano.
- Chithaphwi pansi pa kampira: gogodani foloko m'mphepete mwa mbale katatu kapena kanayi, pukutani pansi pake, ndiye ikani pa pepala la baking.
- Mtedza wa pachikuto ukuyoyoka, kapena chikuto chachita phala: tizidutswa takula, kapena mwathira ndi fumbi lake lomwe. Dulani ndi mpeni, sefani. Fumbilo lipite ku phala lam'kati. Mtedza ukhale wofanana kutentha ndi chipinda, chifukwa wozizira umalimbitsa chokoleti nthawi yomweyo.

## Zonse zayenda, koma kukoma sikukufanana

Kawirikawiri ndi mchere. Kamchere ka pansonga ya supuni kamadzutsa hazelnut. Chachiwiri, mtedza sunakazingike mokwanira, fungo lake silinatuluke. Chachitatu, mukudya tozizira. Chokoleti cha m'firiji chimamveka zii. Chinanso, timipira ta kunyumba timakula mopitirira. Yezani magalamu 10 a phala pa kalikonse.

Ena amafunsa ngati angalowetse mtedza wina, poti hazelnut kwathu ndi wodula ndiponso wosowa. Kusakaniza mtedza ndi chokoleti kumeneku, komwe ku Italy amati gianduja, kunayambira ku Turin m'zaka za m'ma 1800 pomwe koko ankasowa, anthu n'kumachulukitsa chokoleti ndi mtedza wa m'mapiri a kwawo. Ndiye palibe tchimo kuchita chimodzimodzi ndi wa kwanu. Makadamiya a ku Thyolo kapena ku Ntchisi amapanga kaswiti konona kwambiri, koma ali ndi mafuta oposa 70 peresenti, choncho onjezani chokoleti magalamu 30 kuti phala ligwire, ndipo akazingeni pa moto wocheperapo. Mtedza wathu wamba umagwiranso, kungoti fungo lake ndi lamphamvu ndipo aliyense adzadziwa kuti akudya chiponde cha chokoleti. Ngati muli ndi hazelnut wochepa, muikeni pakati ndi pachikuto, pomwe mano ndi mphuno zimayamba kufika.

## Pomwe muyenera kusiya

Thamangirani kuchipatala ngati wina wadya n'kuyamba kutupa milomo, lilime kapena nkhope, kubanika, kulira m'chifuwa popuma, kusanza, kuchita chizungulire, kapena kutuluka zidzolo thupi lonse. Ziwengo za mtedza zimatha kupha m'mphindi zochepa. Musadikire kuti muone ngati zichepe. Ngati munthuyo amayenda ndi jakisoni wa adrenaline, abayidwe nthawi yomweyo, ndipo apitebe kuchipatala. Maswitiwa ali ndi mtedza, mkaka, tirigu, ndipo kawirikawiri soya. Pamwambo auzeni anthu. Ngati munalowetsa mtedza wamba m'malo mwa hazelnut, nenani momveka, chifukwa pali anthu omwe amadya wina bwinobwino koma winayo amawadwalitsa. Ana osakwana zaka zisanu musawapatse kampira kokhala ndi mtedza wathunthu, ungawatsamwe.

Tayani, osalawa, ngati:
- mtedza uli ndi chuku, wakuda m'kati, kapena wofwifwa ndi wonunkha chinyontho. Poizoni wa chuku, aflatoxin, satha ndi kukazinga, ndipo amawononga chiwindi;
- kutuwa kwa pa maswiti kuli ndi ubweya, kapena ndi kobiriwira. Kumeneko si mafuta kapena shuga;
- munathira kirimu ndipo maswiti akhala kunja kwa firiji tsiku lonse, kapena magetsi anazima nthawi yaitali. Opanda madzi aja amakhala sabata ziwiri pamalo ozizira, a kirimu masiku owerengeka m'firiji.

Zimitsani ndi kuzula pulagi blender ikayamba kununkha waya wopsa, kutulutsa utsi kapena kuthetheka. Phala la mtedza ndi lolemera ndipo limapha mota zing'onozing'ono. Musaitsegule nokha, pitani nayo kwa okonza zamagetsi. Chimodzimodzi uvuni womwe ukugwira shoko, kapena wa gasi womwe ukununkha gasi uli wozima: tsekani silinda, tsegulani mawindo, itanani wodziwa.

Mukapsa ndi shuga wosungunula, ngati mwasankha kukuta mtedza ndi karamelo, dziwani kuti amafika madigiri oposa 160 ndipo amamatirira pakhungu. Thirani madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20. Osapaka mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta. Bala likakhala lalikulu, lakuya, kapena lili kunkhope, m'manja kapena pa mwana, pitani kuchipatala.

Galu akaba thireyi, imbirani dokotala wa ziweto. M'chokoleti muli theobromine, yomwe thupi la galu limachedwa kuichotsa, ndipo makadamiya nawonso amadwalitsa agalu. Muuzeni kulemera kwa galuyo, mtundu wa chokoleti ndi kuchuluka kwa zomwe wadya.

Mukafuna kuyamba kugulitsa m'mashopu, masiku a pa lebulo musawalembe mongoganiza. Ku Malawi funsani a Malawi Bureau of Standards ndi a zaumoyo ku khonsolo yanu za kuyezetsa ndi zoyenera kulemba pa paketi. Ndipo musasindikize dzina kapena chizindikiro cha Ferrero pa katundu wanu. Apatseni maswitiwo dzina lanulanu. Ngati oda ndi ya timipira mazana angapo, pa ukwati wa panja m'mwezi wotentha, ndipo mulibe chipinda chozizira kapena cooler box yonyamulira, ikaneni kapena ipatseni wina yemwe ali ndi zipangizo.